Bedi Langa

Anabwera mu Juni, chiperoni chitameza phiri,
ife titavala majuzi awiriawiri,
iye kamalaya kopanda manja
ngati akupita kukasambira ku Likhubula.
Dzina lake Solveig, wa ku Norway.
Lilime la amayi linapunthwa katatu,
kenako anangoti, "Iwe ndiwe Solofe,"
nkhani n'kuthera pomwepo.

Bedi langa linapita kwa iye.
Ine pamphasa, pafupi ndi matumba a nandolo,
kumamvera makoswe akuchita msonkhano.
Abambo, amene akhala ku fakitale ya tiyi
zaka khumi ndi zinayi osandigulirako nyali,
anabwera ndi tochi yatsopano. Ya mlendo.

Ndinamuda mwezi wathunthu.
Ndinkamuphunzitsa mawu okhota dala,
mpaka tsiku lina pa Chitakale,
m'malo mofunsa mtengo wa nanazi,
anauza mwini benchi kuti, "Ndikufuna banja."
Msika wonse unafa nalo phwete.
Iyenso anaseka,
osadziwa kuti woseketsayo ndi iye.

Ankalemba chilichonse m'kabuku kobiriwira.
Chifukwa chiyani kalongonda amakhala pamoto tsiku lonse?
"Ukam'thamangira amakugwetsa," anatero amayi.
Analemba.
Usiku ankalira chamumtima,
nkhope itakwiririka mu pilo wanga.
Ndinkamva. Ndinkangotembenukira kukhoma.

Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo,
anakwera pachulu cha kuseri kwa bafa,
pokhapo pomwe netiweki imatikumbukira.
Anatsika ngati mwendo umodzi si wake.
Agogo ake aamuna, amene anam'phunzitsa kuwedza,
anali atatsikira kulichete.
Analowa m'chipinda, n'kukhoma.
Kwawo, akuti, chisoni amachitsekera chitseko.

Amayi sanayankhule.
Anamanga chitenje, duku kumutu, ulendo.
Lisanalowe dzuwa wina anali atayala masamba pamsewu,
khonde litadzaza:
a Namaona ndi anzawo othyola tiyi,
madengu akadali kumsana,
anyamata a kabaza atatsamiritsa njinga kumpanda,
ngakhale uja wa nanazi, chipewa chili m'manja.
Maliro opanda bokosi,
a munthu amene palibe anamuonapo
ngakhale pachithunzi.

Ndine ndinagogoda.
"Tuluka. Anthu abwera."
"Adzatani?"
"Adzakhale."
"Basi?"
"Basi."

Anakhala pamphasa yanga, miyendo atawongola
monga akazi ena onse.
Atafunsidwa dzina la malemu anati Torleif,
ndipo mkulu wa mpingo anapempherera a Tolefu
ngati ankalima nawo munda umodzi.
Kambale kanayenda, makwacha opindikapindika.
Anafuna kukana.
Ndinam'tsina pantchafu: chipepeso sakana.
Apo ndiye analira mokweza,
kulira kotsegula pakamwa,
a Namaona atam'gwira mutu
ndi manja onunkhira masamba aawisi.

Usiku umenewo anatsika pabedi.
Tinagona pansi tonse awiri,
makoswe akupitiriza nkhani zawo.
Ndinamuululira za nanazi zija.
Anakhala chete,
kenako pilo anandipeza kumaso.

Anachoka mu Meyi pa minibasi ya ku Limbe,
chikwama chodzaza tiyi ndi zitenje,
atandisiyira nsapato zokwerera phiri
zimene ndimaikamo nyuzi kuti zindikwane.

Amati pulogalamuyi ndi yosinthana.
Fomu yanga ili ku Blantyre,
m'kabati ya munthu amene sayankha foni.
Abambo amati tidikire,
kuona maso a nkhono n'kudekha.
Ndadikira mpaka tiyi waphukanso kawiri.

Bedi linabwerera kwa mwini wake,
koma likununkhabe mafuta othamangitsa udzudzu,
ndipo masiku ena ndimayala mphasa dala.
Loweruka ndimakwera pachulu.
Mawu amafika odukaduka:
"Feliya, kuno dzuwa silinatuluke sabata yonse.
Anthu ali m'nyumba zawo, zitseko zotseka.
Kalongonda wapsa?"
Ndimati ayi, mwana wa amayi,
akadali pamoto.